Mmene Mungathandizire Mwana Amene Akumera Mano Popanda Kumuika Pangozi

Amayi akakhala pamzere wa sikelo, kaya ndi ku Kapiri, ku Mkanda, ku Kochilira kapena pachipatala chachikulu cha pa boma ku Mchinji, pali mawu amene sasowa pakamwa pawo, akuti, "Akumera mano ameneyu." Mwana akachucha dovu amati ndi mano, akavuta usiku amati ndi mano, ndipo ngakhale atsekule m'mimba masiku atatu kapena thupi litenthe ngati mbaula, ena amanenabe kuti ndi mano. Mwa zinthu zinayi zimenezi, ziwiri zoyambazo n'zoona koma ziwiri zotsirizazo si zoona, ndipo ntchito yaikulu ya kholo pa nyengo imeneyi yagona pa kusiyanitsa ululu wa m'nkhama, umene umatha ndi chala choyera ndi kansalu kozizira, ndi matenda enieni amene amangobisala kumbuyo kwa dzino. Malangizo otsatirawa ndawaika m'ndondomeko imene kholo lingatsate kuyambira tsiku limene mwana wayamba kuvuta.

Yambani ndi kudziwa nthawi yake

Ana ambiri amatulutsa dzino loyamba ali ndi miyezi pafupifupi 6, ngakhale kuti ena amafulumira pa miyezi 4 ndipo ena amafika chaka chathunthu m'kamwa muli nkhama zokhazokha. Kawirikawiri amayamba ndi mano awiri a kutsogolo a m'munsi, kenaka anzake a m'mwamba, kenakanso oyandikana nawo. Mano aakulu otafunira amabwera mwana atapitirira chaka, osongoka a m'mbali amatsatira, ndipo otafunira a kumapeto kwenikweni amatseka ulendowu mwana ali ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Pofika zaka zitatu, mano onse 20 a ubwana amakhala atakwanira.

Ndondomeko imeneyi si lamulo. Akuluakulu ena amada nkhawa mwana akayamba ndi mano a m'mwamba, koma palibe vuto lililonse la thanzi limene limabwera chifukwa cha zimenezo, ndipo mwanayo ayenera kusamalidwa monga wina aliyense. Dzino lililonse limavutitsa kwa masiku ochepa lisanaboole ndi masiku ochepa litaboola, pafupifupi sabata imodzi zonse pamodzi, choncho mwana amene wakhala akulira mwezi wathunthu ali ndi chifukwa china chofunika kuchifufuza.

Yang'anani m'kamwa

Sambani m'manja ndi sopo, khalani poyera pamene pali kuwala kwa dzuwa, mugoneke mwanayo pamiyendo panu mutu uli chakumawondo, ndipo tsitsani mlomo wake wa m'munsi pang'onopang'ono. Pamene dzino likufuna kutulukira pamakhala potupa ndi pofiirira, nthawi zina pamaoneka kadontho koyera, ndipo mukapititsapo chala mumamva kanthu kolimba pansi pake. Zizindikiro zina zimene zimayendera limodzi ndi zimenezi ndi dovu lambiri, kufuna kuluma chilichonse chimene wagwira, kufiira kwa tsaya limodzi, kugwiragwira khutu la mbali yomweyo, kudzukadzuka usiku ndiponso kukana phala kwa tsiku limodzi kapena awiri. Thupi likhoza kufunda pang'ono, koma silifika pa madigiri 38.

Nthawi zina pamwamba pa dzino limene likubwera pamatupa kachithuza kobiriwira kapena kodera ngati muli magazi. Kachithuza kameneka kamaphulika kokha dzino likamatuluka ndipo sikafunika kukaboola. Koma mukaona zoyera ngati mkaka wogwirana pa lilime ndi m'kati mwa masaya zimene sizikuchoka mukazipukuta, kapena tizilonda tambirimbiri m'kamwa monse, amenewo si mano, ndipo mwanayo akaonedwe kuchipatala.

Musanachite china chilichonse, tsimikizani kuti mwana sakudwala

Pano ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amaphonya. Chikhulupiriro chakuti mano amatsekulitsa m'mimba ndi kutenthetsa thupi sichinangobwera chokha, chili ndi pochokera. Miyezi 6 imene dzino loyamba limatuluka ndi nthawi yomweyonso imene chitetezo chimene mwana anabadwa nacho kuchokera kwa mayi ake chimayamba kuchepa, ndi nthawi imene amayamba kudya phala ndi kumwa madzi, ndiponso ndi nthawi imene amayamba kukhala pansi ndi kukwawa, n'kumatola chitsononkho, chivindikiro cha botolo kapena dothi la pabwalo pamene padutsa nkhuku, zonsezo ulendo wa kukamwa. Choncho matenda ndi mano zimafika nyengo imodzi, koma chimene chimatsekulitsa m'mimba ndi tizilombo tolowa ndi zonyansa, osati dzino.

Dzinja lina mwana wa mlongo wanga, ali ndi miyezi 7, anatentha thupi Lachisanu madzulo. Agogo ake anamutsegula kukamwa, naona kadontho koyera pa nkhama za m'munsi, ndipo anati kwa mayi wake, "Mwanangu, usataye ndalama ya kabaza ndi mvula imeneyi, dzinoli likangoboola thupi lizizira lokha." Sanalankhule mwa nkhanza kapena mosasamala, anangonena zimene nawonso anauzidwa atabereka mwana wawo woyamba. Pofika Lamulungu mwanayo anali akuyamwa mofooka, ndipo mlangizi wa zaumoyo atamubaya kachala, kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri. Anamupatsa mankhwala a malungo a LA, anachira, ndipo dzino lija linatulukadi patapita masiku awiri. Agogo sananame kuti dzino linali panjira, koma malungo nawonso analipo, ndipo malungowo ndi amene akanatilanda mwana.

Lamulo lake ndi losavuta kulikumbukira. Mwana aliyense amene watentha thupi kufika madigiri 38 kapena kuposa, kapena amene mukamukhudza pamimba ndi kuseri kwa dzanja mukumva kuti watenthadi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ngakhale mukuliona ndi maso dzino likutuluka. Zimenezi n'zofunika kwambiri kuyambira mvula ikagwa mpaka cha mu Epulo ndi Meyi, pamene udzudzu umachuluka m'madambo a Bua ndi Rusa. Mchinji ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo m'chaka cha 2019, ndipo katemerayu amaperekedwa mwana ali ndi miyezi 5, 6 ndi 7, ndi wotsiriza pa miyezi 22. Katemerayu amachepetsa ngozi koma satseka khomo lonse, choncho mwana wobayitsa amene watentha thupi ayenerabe kuyezedwa, ndipo ayenerabe kugona m'neti usiku uliwonse.

Mwana akatsekula m'mimba, kutanthauza chimbudzi cha madzi katatu kapena kuposa pa tsiku, yambani kumumwetsa Thanzi nthawi yomweyo. Paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo otsala amatayidwa pakadutsa maola 24. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe pakati pa mamililita 50 ndi 100 akangochita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni, uku akuyamwa pafupipafupi, ndipo mukatengenso mapiritsi a zinki kwa mlangizi wa zaumoyo, amene amamwedwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale m'mimba mutasiya msanga. Liwombo likalowa m'kati, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala omata pamutu sabwezera madziwo.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kudikira kuti kuche. Mwana akakanika kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kugwedezeka thupi maso atatembenuka, akalefuka moti akuvuta kudzutsa, chimbudzi chikakhala ndi magazi, maso akalowa m'kati, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati popuma, nyamukani ulendo wa kuchipatala ndi kabuku kake m'manja. Mwana wa pakati pa miyezi iwiri ndi chaka chimodzi amene akupuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee akhoza kukhala ndi chibayo. Khutu lotuluka mafinya nalonso si la mano.

Ngati zonsezi palibe, mwana akuyamwa, akukodza monga mwa masiku onse ndipo akusewera pakati pa kulirako, pamenepo mukhoza kunena kuti ndi mano, ndipo mupitirire ku zotsatirazi.

Sisitani nkhama ndi chala choyera

Njira imeneyi ndi imene ndimaiika patsogolo pa zonse, chifukwa silira ndalama ndipo imathandiza nthawi yomweyo. Wengani zikhadabo zikhale zazifupi, sambani m'manja ndi sopo pa madzi oyenda, kaya a pa mpondagiya kapena othiriridwa ndi kapu, ndipo musapukute m'manjamo ndi chitenje chimene mwavala tsiku lonse. Kenaka ikani nsonga ya chala pa malo otupawo ndi kusisita mozungulira, mokanikiza pang'ono, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Poyamba mwana akhoza kukankha dzanja lanu, koma akamva kuti kukanikizako kukuziziritsa kuyabwa, amayamba kuluma chalacho yekha. Mukhoza kubwereza kangapo pa tsiku, makamaka asanayamwe ndiponso asanagone.

Kwa ife a kuno kumene fodya ndi mtedza ndizo zimatipatsa ndalama, kusamba m'manjaku kuli ndi chifukwa china choonjezera. Munthu amene wachokera kothyola, kusoka kapena kusankha fodya m'chigafa amakhala ndi utomoni wakuda m'zala, ndipo utomoni umenewo uli ndi chikonga chimene n'choopsa kwa khanda ngakhale chitakhala chochepa. N'chimodzimodzinso ndi manja amene agwira feteleza, mankhwala opopera mbewu kapena mankhwala a ufa othira m'chimanga poteteza anankafumbwe. Ngati utomoniwo sukuchoka bwinobwino ndi sopo, ntchito yosisita nkhama ipatsidwe munthu wina tsiku limenelo. Mlezi wamng'ono amene amatsala ndi mwana makolo ali kumunda auzidwenso zimenezi momveka.

Mupatseni chozizira choti alume

Kuzizira kumachepetsa kutupa ndi ululu. Tengani kansalu kakang'ono ka thonje kopanda ulusi wolendewera, mukachape ndi sopo, mukawiritse kwa mphindi zingapo, ndipo kakazizira mukaviike m'madzi ozizira abwino, mukafinye ndi kukapinda kuti kakhale kolimbirako. Mwana akalume inu mutagwira mbali ina. Amene ali ndi firiji akhoza kukaika m'mbale yovindikira kwa theka la ola, koma m'midzi yambiri mtsuko wa dothi ndiwo firiji yathu, ndipo umagwira ntchitoyi mokwanira ngakhale mu Okutobala. Tungani madziwo ndi kapu yoyera m'malo moviika kansaluko mumtsuko momwemo, ndipo akhale madzi amene anawiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini, chifukwa mwana adzayamwa ena mwa iwo. Supuni yachitsulo yoyera imene yakhala m'kapu ya madzi ozizira imathandizanso mukaikhudzitsa pa nkhama ndi kumsana kwake, bola muigwire ndinu, osamusiyira mwana, ndipo muisiye mano akangotuluka kuopa kuwabenthula.

Chinthu chouma gwa ndi chisanu cha mufiriji sichabwino, chifukwa chimapweteka nkhama m'malo mozitonthoza. Timadzi totsekemera toundana ta m'timapepala timene timagulitsidwa pamsika nato si ta khanda, popeza muli shuga wambiri, madzi ake simudziwa kumene anatungidwa, ndipo kachidutswa ka pulasitiki kakhoza kutsalira pakhosi. Kwa mwana amene sanakwane miyezi 6 ndipo akuyamwa mwakathithi, chala choyera ndi bere n'zokwanira, ndipo kansalu kafinyidwe kwambiri kuti asamwe madzi.

Ngati mukugula choluma cha ana kusitolo, sankhani cha labala yolimba chopangidwa chathunthu, chachikulu moti sichingalowe chonse m'kamwa, chopanda madzi m'kati, chopanda utoto wosupuka ndi timikanda tomatirira. Muzichitsuka ndi sopo tsiku lililonse ndiponso nthawi iliyonse chikagwa pansi, ndipo musachimangirire chingwe m'khosi mwa mwana.

Zimene mwana amapatsidwa kuti "azilimbana nazo" pamphasa ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Mtedza wathunthu, chimanga chokazinga kapena chootcha, chidutswa cha chinangwa chachiwisi, karoti wosaphika ndi nzimbe zimatsamwitsa, chifukwa mwana amene ali ndi mano awiri akhoza kubenthula chidutswa koma alibe mano ochitafunira. Nyengo yothothola ndi kuswa mtedza, pamene pakhonde ponse pamakhala mtedza wobalalika, mwana wokwawa ayalidwe mphasa yake kutali ndi ntchitoyo ndipo wina azimuyang'ana. Mabisiketi, maswiti ndi zotsekemera zina zimatonthoza kwa kanthawi koma zimayamba kuwononga dzino lisanamalize n'kutuluka komwe.

Pukutani dovu

Dovu likakhalitsa pakhungu limayambitsa totupa tofiira pachibwano, m'khosi ndi pachifuwa. Muzilipukuta mogunditsa ndi kansalu kofewa m'malo mokhula, muzisintha malaya akanyowa, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kumazizira, ndipo muzipaka mafuta a Vaseline pang'ono pachibwano asanagone. Mukamubereka kumbuyo, ikani kansalu koyera pamene pakufika pakamwa pake, chifukwa adzayamwa chilichonse chimene chili pamenepo.

Musasiye kuyamwitsa

Mwana amene nkhama zikumuwawa akhoza kukana phala koma n'kumafuna bere pafupipafupi, ndipo zimenezo n'zabwino, mumupatse. Kwa amene wapitirira miyezi 6, phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena la soya lizizire kaye lisanafike pakamwa, popeza chotentha chimawawitsa malo otupa. Nthochi yakupsa, peyala, dzungu kapena mbatata yofiira m'kati, zonse zokanyidwa bwino, zimalowa mosavuta. Mupatseni pang'ono kangapo pa tsiku, osamukakamiza kapena kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa. Akakana chakudya masiku opitirira awiri kapena atatu, kapena sikelo yake ikaima kapena kutsika, mukafotokoze kwa anamwino.

Amayi ena amaganiza zoletsa mwana kuyamwa akangoyamba kuluma bere, chikhalirecho malangizo a zaumoyo ndi akuti ayamwe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana sangalume pamene akuyamwadi, chifukwa lilime lake limaphimba mano a m'munsi, ndipo amaluma akakhuta kapena akayamba kusewera. Muzimuyang'anitsitsa chakumapeto, ndipo mukaona kuti wasiya kumeza, lowetsani kachala koyera pambali pa kamwa lake ndi kuchotsa bere. Akaluma, muchotseni modekha, mumuuze kuti "ayi" ndi mawu otsika, mudikire pang'ono musanamubwezere. Kukuwa kapena kumumenya kumachititsa ana ena kuopa bere. Kusisita nkhama asanayamwe kumachepetsa kulumaku. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya kuluma bere masiku ochepa a kudekha amakwanira.

Usiku ukavuta, ndi nkhani ya Panado

Ululu umamveka kwambiri usiku chifukwa palibe chomusokoneza mwana. Musambitseni madzi ofunda, mumusisite nkhama, mumuyamwitse, mumubereke ndi kuyenda naye pang'ono, ndipo bambo nawonso alandireko mwanayo kuti mayi apeze tulo. Munthu amene watopa mpaka kufika popsa mtima amugoneke mwanayo pamalo abwino ndi kuitana wina, chifukwa kugwedeza khanda mwamphamvu kukhoza kuvulaza ubongo wake.

Zonsezi zikalephera ndipo mwana akuonekeratu kuti akumva ululu, mankhwala oyenera ndi paracetamol wa ana, amene ambiri timangomutchula kuti Panado wamadzi. Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, osati msinkhu wokha, ndipo ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse. Mwachitsanzo, mwana wolemera makilogalamu 8 asapitirire mamiligalamu 120 pa nthawi imodzi, amene ndi mamililita 5 ngati pabotolo palembedwa kuti 120 mg pa 5 ml. Mabotolo ena ndi amphamvu kuposa pamenepa, choncho werengani zolembedwazo, ndipo chanzeru n'kupita ndi botololo pamodzi ndi kabuku ka sikelo kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti akulembereni mlingo wake. Safunsa anadya phula. Yezani ndi sirinji kapena kakapu kobwera ndi botolo, osati supuni ya tiyi, popeza masupuni a m'nyumba amasiyana kukula. Pakati pa mlingo ndi mlingo padutse maola 6, musapitirire kanayi pa maola 24, ndipo musamumwetse masiku opitirira awiri musanaonane ndi achipatala. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol m'kati, choncho kuwaphatikiza ndi Panado ndi kumwetsa kawiri mosadziwa, ndipo mlingo ukapyola chimene chimawonongeka ndi chiwindi.

Kumbukiraninso kuti Panado amatsitsa kutentha kwa thupi popanda kupha tizilombo ta malungo. Mwana wotentha thupi amene wamwa Panado n'kuzizira sanachire, ndipo ulendo wokayezetsa ukadalipo. Asipirini sapatsidwa kwa ana chifukwa akhoza kuyambitsa matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo, ndipo mapiritsi ena a mutu a akuluakulu amene amagulitsidwa m'maokala ali ndi asipirini m'kati, choncho kubenthulira khanda piritsi la munthu wamkulu n'kulakwitsa. Mankhwala ena ochepetsa ululu otchedwa ibuprofen aperekedwe pokhapokha achipatala atanena, ndipo sayenera mwana amene akutsekula m'mimba kapena kusanza.

Zimene muyenera kukana, ngakhale wokupatsani akhale wokukondani

Mankhwala opaka pa nkhama ochititsa dzanzi amaoneka ngati yankho lachangu, koma amatsukika ndi malovu m'mphindi zochepa ndipo mwana amawameza. M'chaka cha 2018 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti opaka okhala ndi benzocaine asagwiritsidwe ntchito pa ana osakwana zaka ziwiri, chifukwa akhoza kulepheretsa magazi kunyamula mpweya mpaka mwana kuda milomo. Mankhwala a ufa kapena amadzi olembedwa kuti ndi "a mano", ogulidwa kwa oyenda nawo m'zikwama pa tsiku la msika kapena obwera ndi apaulendo kudzera pachipata cha Mwami cha m'malire a Zambia popanda wodziwa zimene zili m'kati mwake, ndi ofunika kuwaopa koposa. Ku Nigeria, kumapeto kwa 2008 ndi kumayambiriro kwa 2009, ana oposa 80 anamwalira impso zitawonongeka atamwa mankhwala amadzi a mano amene munali diethylene glycol, madzi apoizoni a m'mafakitale. Makolo awo ankangofuna kuti ana agone.

Uchi usapakidwe pa nkhama za mwana wosakwana chaka, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda opuwalitsa minofu amene m'mimba mwa khanda simungathe kulimbana nato. Kachasu kapena mowa uliwonse, ngakhale dontho la pa chala, ndi poizoni kwa khanda. Phulusa, mwaye, mchere, soda, fodya wopera ndi mizu yosinja siziyenera kukhulidwa pa nkhama, popeza zimasupula khungu lofewalo ndi kulowetsa tizilombo, ndipo mlingo wa mankhwala a zitsamba palibe amene angautsimikize pa thupi la makilogalamu 7 kapena 8. Mankhwala ogonetsa monga Piriton asaperekedwe pofuna kuti mwana atonthole.

Mkanda kapena chithumwa cha m'khosi chimene ena amati chimafewetsa mano chikhoza kukola pa chinthu n'kumupotokola mwana ali m'tulo, kapena kuduka iye n'kumeza mkandawo. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ndi yovuta kuikamba ndi apongozi kapena agogo amene anamuveka ndi mtima wabwino, koma mukhoza kuwafotokozera mwaulemu kuti, "Amayi, kusikelo atiuza kuti m'khosi mwa mwana musamakhale chingwe chilichonse," ndipo ambiri amamva akauzidwa chifukwa chake.

Choopsa kuposa zonsezi ndi kucheka nkhama. M'madera ena a maiko a kum'mawa kwa Africa monga Uganda ndi Tanzania kuli mchitidwe wotumbula nkhama za khanda ndi kuchotsa timano tosongoka tisanakhwime, poganiza kuti ndito tikuyambitsa kutsekula m'mimba, ndipo ana ataya magazi, atenga matenda a m'magazi ndi kafumbata, ena mpaka kuwonongeka mano aukulu amene anali pansi. Munthu aliyense amene wabwera ndi lezala, singano kapena waya kuti "atsegulire dzino njira" akanizidwe. Dzino limadziboolera lokha.

Dzino likatuluka, yambani kulitsuka

Mano asanatuluke n'kokwanira kupukuta nkhama ndi kansalu koyera konyowa. Dzino loyamba likangooneka, gulani mswachi wofewa wa mutu waung'ono, mupakepo mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride ochepa ngati kambewu kamodzi ka mpunga, ndipo muzitsuka kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku asanagone. Njira yosavuta ndi kumukhazika pamiyendo panu atatsamira pachifuwa panu, dzanja limodzi litagwira chibwano. Mswachi ukhale wakewake. Mlingo wa mankhwalawo umakwera kufika pa kukula kwa nsawawa yaing'ono akakwanitsa zaka zitatu.

Ena amati mano a ubwana alibe ntchito chifukwa adzaguluka, koma oyamba amaguluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo otafunira amakhala mpaka zaka 10 kapena 12, akusungira malo mano aukulu ndi kumuthandiza kutafuna ndi kutchula mawu. Chimene chimawaononga msanga ndi tiyi wa shuga, Sobo, thobwa lotsekemera kapena zakumwa za m'mabotolo zimene mwana amagona nazo pakamwa. Kuyambira miyezi 6 muphunzitseni kumwera m'kapu, imenenso ndi yosavuta kutsuka kuyerekeza ndi botolo. Kamodzi pa mwezi, mwina tsiku la sikelo kuti musaiwale, kwezani mlomo wake wa m'mwamba ndi kuyang'ana m'mphepete mwa nkhama. Mukaona timizere toyera ngati choko kapena timadontho tofiirira pa dzino, kumeneko ndi kuyamba kwa kubooka, ndipo kukadali kotheka kukuletsa ngati mwafulumira kupita ku chipinda cha mano pachipatala cha boma. Kumeneko n'kumenenso muyenera kupita ndi mwana amene wabadwa ali ndi dzino kale, kapena amene wafika miyezi 18 popanda dzino ngakhale limodzi.